Kalabu yathu itasowa mu kaundula

Ndinapita ku ofesi yoona za ophunzira kukangobukitsa chipinda basi. Semesita inali itangoyamba kumene, ine ndili mlembi watsopano wa kalabu yathu ya chiyankhulo cha manja, m'manja ndanyamula fomu yomwe ndinadzaza bwinobwino usiku wake, tsiku, nthawi, chiwerengero cha anthu, zonse. Mayi a pa desiki aja analandira fomuyo, anayang'ana pa kompyuta, anatsitsa, anakwezanso, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwanangu, kalabu imeneyi mu kaundula mulibe."

Ndinawapempha kuti ayang'anenso, chifukwa kalabuyo inkakumana m'chipinda chomwecho ine ndisanabwere n'komwe pa sukulupo. Anayang'ananso, osati kuti amakayika ayi koma kungondipatsa ulemu. Yankho linali lomwelo. Mpaka lero nkhani imeneyi siinandichoke m'mutu, ndipo ndikamva wina akunena kuti zolembetsa kalabu ndi mapepala chabe ndimalephera kukhala chete.

Fayilo yomangidwa ndi kachingwe

Mayi aja sanandithamangitse. Anati ndikhale pansi, anadzuka n'kupita ku kabati yachitsulo pakona, anabwera ndi fayilo yokhuthala yomangidwa ndi kachingwe. Pamwamba penipeni panali malamulo a kalabu, mapepala ake atachita chikasu, kumapeto kwake masiginecha a anthu omwe anaiyambitsa, anthu oti sindinawaonepo ndipo mwina sindidzawaona. Kenako chaka ndi chaka zinthu zomwezo: fomu yolembetsanso kalabu, mayina a komiti yatsopano ndi manambala awo a sukulu, kalata ya apatironi yovomera kupitiriza, lipoti la ndalama, malisiti omatidwa pa pepala ndi sitepula. Ankatsegula pang'onopang'ono, akunyowetsa chala, osanena kanthu. Atafika kumapeto anangoika dzanja pa katoni yakumbuyo. Chaka chathacho munalibe ndi pepala limodzi lomwe. Komiti yomwe inatuluka sinalembetsenso kalabu, sinapereke lipoti, ndipo ndalama yomwe ofesi inatipatsa yochitira workshop inalibe lisiti. Makalata okumbutsa anatumizidwa, eya, koma ku imelo ya kalabu, ndipo pasiwedi yake inapita ndi wapampando wakale yemwe anali atamaliza sukulu.

Ine mtima unapsa. Ndinati, "Koma mayi, ndalama imeneyo sitinaigwire ndife, komiti yake inapita kalekale. Ifeyo tikulangidwa chifukwa chani? Ntchito yomwe timagwira pa sukulu pano mukuidziwa."

Sanakweze mawu. Anandifunsa ngati ndili ndi pepala langa la fizi, ndinalitsegula pa foni, iwo anatenga cholembera n'kuloza kamzere kena kakang'ono pansi pake, ka ndalama ya zochitika za ophunzira, kamene ine ndinkangolipira osakawerenga.

"Kamzere aka aliyense amalipira. Wa kalabu, wopanda kalabu, ngakhale uja sadziwa n'komwe kuti kalabu yanu ilipo. Ndalama munatengayo inachokera apa. Ine ndikapanda kufunsa lisiti ndiye kuti ndawabera anthu amenewa. Komanso sindinaipereke kwa wapampando wanu uja ayi, ndinaipereka ku kalabu. Iye wapita. Kalabu ndinuyo."

Ndinafuna kuyankha koma ndinasowa poyambira. Masiku onsewo ndinkaona ngati ofesi ili ndi thumba lake la ndalama ndipo ntchito yathu ndi kukalikoka mwanzeru. Sindinaganizepo kuti thumbalo ndi la mnzanga yemwe timakhala naye desiki imodzi, yemwe mwina anachita kuvutika kuti fizi ikwane. Ndipo mawu oti kalabu ndinuyo aja anali olemera mbali zonse ziwiri, chifukwa chipinda, dzina ndi mbiri yabwino zonse tinazilandira kuchokera kwa akale osadandaula, ndiye ngongole yawo yokha tikanaikana bwanji.

Zomwe zinapita limodzi ndi dzina lija

Munthu sudziwa zomwe kalabu yolembetsedwa imapeza mpaka zitachotsedwa. Chipinda sitikanabukitsa. Positala yathu pa bolodi sikanadindidwa, ndipo yosadinda imachotsedwa tsiku lomwelo. Akaunti ya kalabu inali yotsekedwa, ndipo ngakhale ikanakhala yotsegula osainira ake anali anthu aja anapita. Dzina la yunivesite ndi chizindikiro chake sitikanaika pa kalata iliyonse, ndiye sukulu ya ana osamva yomwe tinkakonda kukacheza inatiuza mwaulemu kuti popanda kalata yochokera ku ofesi sangatilowetse, ndipo ankanena zoona, sungangotsegulira geti gulu la anthu oti palibe akuwayankhira. Projekita ayi, basi ya sukulu ayi.

Tinayesa kumakumana mu korido. Amene simunaphunzirepo chiyankhulo cha manja mwina simungaone vuto lake, koma chiyankhulo chimenechi chimafuna kuwala komanso kuti aliyense aziona nkhope ndi manja a mnzake, n'chifukwa chake m'chipinda timakhala mozungulira. Mu korido munthu akadutsa pakati ndiye kuti wadula chiganizo, ndipo anthu amadutsa mphindi iliyonse, ena n'kuima kumatiyang'ana, ena kutijambula pa foni. Babu la pamenepo linkaphethira. Mnzathu wina wosamva, yemwe ndi amene ankatiphunzitsa, anangofika poika manja m'thumba, ndipo kwa iye kuika manja m'thumba ndiye kusiya kulankhula kumene.

Koma chomwe chinandipweteka kuposa zonse ndi tebulo. Sabata yolandira ophunzira atsopano makalabu olembetsedwa amapatsidwa matebulo mu holo, atsopano amazungulira kumalemba mayina. Ife tebulo tinalibe. Chaka chimenecho kunabwera mtsikana wosamva wa chaka choyamba, anazungulira holo yonse kufuna anthu oti angalankhule nawo ndipo sanatipeze. Anadzatipeza semesita itapita patali, mwangozi, atationa tikugwedeza manja mu korido muja. Anatiuza kuti nthawi yonseyo ankadya yekha, kukhala yekha, mpaka anayamba kuganiza zobwerera kwawo. Fomu imodzi yosabwezedwa inafika mpaka pamenepo.

Kulembetsedwa si chifundo cha ofesi

Apa ndisanamizire ngati ofesi nthawi zonse imakhala yolondola. Mu kalabu mwathu munali mnzathu wina wa law, ndipo ndi amene anatiuza nkhani ya Healy v. James titakhala pansi kukonza zobwereranso mu kaundula. Mu 1969 ophunzira ena pa Central Connecticut State College ku America anafuna kuyambitsa nthambi ya gulu la Students for a Democratic Society. Mkulu wa koleji, F. Don James, anakana kuwalembetsa chifukwa sankagwirizana ndi maganizo a gululo komanso ankaopa chisokonezo. Zomwe anataya n'zomwezi tinataya ife: malo okumanira, bolodi, kulengeza mu nyuzipepala ya ophunzira. Atayesa kukumana mu kantini ya pa kampasi anabalalitsidwa. Mu 1972 Supreme Court, khothi lalikulu kwambiri la ku America, inagamula kuti kukana kulembetsa gulu popanda chifukwa chomveka n'kuphwanya ufulu wosonkhana, ndipo udindo wopereka chifukwacho uli pa koleji osati pa ophunzira. Kusagwirizana ndi maganizo awo si chifukwa. Mu 1981, pa mlandu wa Widmar v. Vincent, khothi lomwelo linauza University of Missouri ku Kansas City kuti ngati yatsegula zipinda zake kwa magulu a ophunzira, singatsekere gulu lina chifukwa choti likufuna kupemphera.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo milandu imeneyi ikukhudza mayunivesite a boma a ku America, koma mfundo yake ine ndimaiona kuti ndi yoyenera paliponse. Ofesi isamagawe kaundula ngati mphatso kwa ana omvera. Kalabu yomwe imafunsa mafunso ovuta, yomwe imadzudzula akuluakulu, ili ndi ufulu wa tebulo mu holo chimodzimodzi kwaya.

Komano chigamulo chomwecho cha 1972 chili ndi mbali ina yomwe anthu sakonda kutchula. Khothi linanenanso kuti koleji ili ndi ufulu wofuna kuti gulu livomereze kutsatira malamulo omveka a pa kampasi lisanalembetsedwe. Ndiye ife sitinali ngati ophunzira a ku Connecticut aja ayi. Palibe anatitsekera chifukwa cha maganizo athu. Tinalonjeza zinthu, pa fomu, ndi masiginecha, ndipo lonjezolo silinasungidwe.

Ndalama za anzathu

Zomwe mayi aja anandionetsa ndi cholembera, ena anachita kupita nazo kukhothi. Pa University of Wisconsin ophunzira ena, mmodzi mwa iwo Scott Southworth, anadandaula kuti akukakamizidwa kulipira ndalama ya zochitika yomwe ikupita ku magulu omwe iwo amatsutsana nawo. Mu 2000 Supreme Court inati yunivesite ikhoza kutolera ndalamayo, bola pogawa isamakondere maganizo a gulu lina. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 1995, inali itagamula kuti University of Virginia inalakwa kukana kulipira ndalama yosindikizira magazini ya ophunzira achikhristu yotchedwa Wide Awake pomwe magazini ena a ophunzira inkawalipirira. Ku Britain nako lamulo la Education Act la 1994 limanena kuti njira yogawira ndalama ndi zipangizo ku makalabu ikhale yachilungamo, yolembedwa, ndipo wophunzira aliyense azitha kuiona.

Taganizani bwino, pali munthu amene sagwirizana ndi kalabu yanu ngakhale pang'ono koma ndalama yake ikugulira mapepala ndi mamaka anu. Chomwe chimapangitsa kuti zimenezi zikhale zovomerezeka ndi chakuti nayenso kalabu yake ikhoza kupempha pa mzere womwewo, ndiponso kuti aliyense wotenga amabwerera kudzaonetsa momwe wagwiritsira ntchito. Lisiti ndi yankho lanu kwa munthu ameneyo. Msungichuma akamati "tizipanga kumapeto" ine ndimachita mantha, chifukwa kumapeto kumakhala mayeso, ndipo malisiti a pa kamakina aja amafufutika okha akakhalitsa m'chikwama. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo pa kalabu pafupifupi chilichonse n'chobwereka, ndalama, chipinda, ngakhale dzina la yunivesite lomwe timalemba monyadira pa malaya athu.

Dzinalo ndiye limabwera ndi zambiri. Mukapita paulendo m'dzina la kalabu wina akavulala, makolo ake saimbira wapampando, amaimbira yunivesite. N'chifukwa chake yunivesite imafuna mndandanda wa opita, manambala a abale awo, ndi chilolezo ulendo usanachitike. Nkhani yotiza atsopano polowa m'gulu nayo si yamasewera, ku America ophunzira afa nayo mpaka mu Disembala 2024 kunasainidwa lamulo la Stop Campus Hazing Act lokakamiza makoleji kulengeza poyera milandu yotere pamodzi ndi mayina a magulu omwe apezeka olakwa.

Mkangano wa mpando

Gawo lovuta kwambiri pobwereranso mu kaundula silinali la ndalama ayi. Ofesi inatiuza kuti tikonzenso malamulo athu chifukwa anali akale, ndipo pokonzapo anzathu osamva anabweretsa mfundo yoti wapampando azikhala munthu wosamva basi. Lamulo la yunivesite linkati wophunzira aliyense wolembetsedwa akhoza kulowa kalabu iliyonse ndi kupikisana pa mpando uliwonse. Apa ndiye panavuta.

Ine ndinawamvetsa anzathuwo, ndipo mpaka pano ndimawamvetsa. Chiyankhulocho ndi chawo. Moyo wawo wonse akhala akuona anthu akumva akuwalankhulira, kuchipatala, m'kalasi, pa misonkhano, ndiye kalabu imodzi yokhayi yomwe inali malo awo nayonso itsogoleredwe ndi munthu woti wangophunzira zilembo dzana? Komanso wapampando uja anapita ndi pasiwedi anali wakumva, yemwe ena ankati analowa kuti akongoletse CV. Mmodzi mwa anzathu osamvawo anaimirira kutsogolo n'kufotokoza zonsezi ndi manja othamanga moti ena tinkatsalira, nkhope itafiira, ndipo palibe anamutsutsa kuti akunama.

Mnzathu wa law uja anatiuza za mlandu wa 2010, Christian Legal Society v. Martinez. Pa Hastings College of the Law ku San Francisco panali lamulo loti kalabu yolembetsedwa ilandire wophunzira aliyense, pomwe gulu lachikhristu lija linkafuna kuti mamembala ovota ndi atsogoleri asainire mfundo za chikhulupiriro chawo ndi kukhala moyo wogwirizana nazo. Koleji inakana kuwalembetsa. Supreme Court inagwirizana ndi koleji, koma movutikira, majaji 5 mbali iyi 4 mbali inayo, zomwe zikuonetsa kuti ngakhale akatswiri nkhaniyi imawagawa. Gululo silinaletsedwe kukhalapo, likanatha kumakumanabe, kungoti ndalama ndi dzina la koleji silikanalandira. Koma chomwe chinatithandiza ife ndi chakuti lamulo la ku Hastings linkalola zofunika zina zomwe sizisankha munthu chifukwa cha chomwe ali kapena chomwe amakhulupirira, monga luso, kupezeka pa misonkhano, kapena kulipira ndalama ya umembala. Kwaya ikhoza kuyesa mawu. Timu ikhoza kuyesa miyendo.

Ndiye tinalemba chonchi: misonkhano yonse ya kalabu izichitika m'chiyankhulo cha manja, ndipo aliyense wofuna mpando afotokoze mfundo zake ndi kuyankha mafunso ndi manja, popanda mawu, popanda womasulira. Khomo ndi lotsegula kwa aliyense, koma wodutsa pamenepo ayenera kuti chiyankhulocho anachivutikira. Ofesi inavomera. Si onse anakhutira, ena ankaonabe kuti tagonja, ndipo sindingawaweruze. Maganizo anga ndi oti ngati tikutenga ndalama ya wophunzira aliyense sitingamuuze kuti mpando uwu sungauyandikire chifukwa cha momwe unabadwira, ngakhale chifukwa chathu chikhale chabwino chotani, poti lamulo lomwelo ndi lomwe limateteza mnzathu wosamva akafuna mpando ku kalabu ya mtsutso kapena ya masewero.

Momwe tinabwerera, ndi chomwe sindinagwirizane nacho

Msungichuma wakale tinamupeza pa WhatsApp. Sanali wakuba ayi, malisiti ambiri anali nawo mu envelopu yomwe anasamuka nayo limodzi ndi mabuku, ankaganiza kuti wapampando anapereka lipoti, wapampando naye ankaganiza kuti msungichuma anapereka. Anatijambulira omwe ankawerengeka. Ndalama yomwe inalibe umboni ofesi inati idzadulidwa pa yomwe tidzapemphe kutsogolo, ndipo tinabwerera mu kaundula titapatsidwa chaka chotiyang'anira, kutanthauza kuti chochitika chilichonse chimafuna siginecha ya apatironi.

M'malamulo atsopano aja tinaikamo gawo lomwe kale munalibe, la handover. Chisankho chizichitika mayeso asanayandikire, osati sabata yomaliza aliyense akulongedza. Osainira ku akaunti asakhale onse a chaka chomaliza. Pasiwedi ya imelo isinthidwe pamaso pa komiti ziwiri zonse, ndipo apatironi akhale ndi njira yoibwezeretsa. Lisiti lijambulidwe tsiku lomwe lalandiridwa n'kuikidwa mu foda yomwe komiti yonse ikuiona. Ndipo komiti yotuluka sinamalize ntchito mpaka fomu yolembetsanso itadindidwa. Kalabu ya ophunzira ndi gulu lodabwitsa chifukwa pakangotha zaka zinayi pafupifupi aliyense amakhala wasintha, ndiye chomwe sichinalembedwe chimapita ndi eni ake pa graduation.

Koma pali chimodzi chomwe mpaka lero sindigwirizana ndi ofesi ija, ndipo ndinawauza mayi aja pamaso tsiku lomwe tinakatenga kalata yathu. Makalata onse okumbutsa anapita ku imelo imodzi yomwe sinkayankha. Pa fayilo yomweyo panali nambala ya apatironi, omwe ofesi yawo inali mu bilidingi yoyandikana, panalinso mayina a mamembala a komiti omwe anali asanamalize sukulu. Ngati yunivesite ikufuna kuti makalabu azisunga lonjezo lawo, nayonso ili ndi mbali yake: chenjezo lifike kwa anthu oposa mmodzi, pakhale nthawi yoyimitsidwa kaye kalabu isanafufutidwe, pakhale koti mukadandaule, ndipo asungichuma atsopano aziphunzitsidwa kumayambiriro kwa chaka chifukwa ambiri amakhala asanasungepo ndalama za gulu chibadwire. Kuchotsa kalabu mu kaundula kumalanga kwambiri anthu omwe sanalakwe, atsopano omwe sanafike n'komwe. Mayi aja anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anati za nthawi yoyimitsa ndi zodandaula si iwo amasankha koma akazipereka ku komiti yoona za makalabu, kenako anatenga fomu yolembetsera n'kuwonjezera ndi cholembera mzere wina pansi pa imelo ya kalabu, woti tilembepo imelo ya apatironi ndi ya membala mmodzi wa chaka chachiwiri.